Kalole Kowira pa Zitunda za ku Dambe

Ntchito pa galaja ya a Chimwala ku Zalewa ndinaipeza kudzera mwa alamu anga, amene ankawotcherera zitsulo chapafupi. A Chimwala sanafunse za mapepala. Anangondilozera kalole ka a Yusufu, mwini golosale, kali kukamwa yasa, injini yakale itatsitsidwa kale. "Ikanimo injini iyi. Ikayenda bwino mwalembedwa, ikavuta msewu ndi uwo."

Ndinaikweza ndi tcheni, n'kumanga mabawuti, n'kuthira oyilo ndi madzi. Pa msewu wa tala kalole kankangouluka. Mavuto anadza tsiku limene ine ndi a Yusufu tinapita kukatenga manachesi ku Dambe. Titangoyamba zitunda pa giya yoyamba, muvi wa geji unathamangira kofiira, madzi n'kuyamba kubwata.

"Amisiri, kodi mwandiikira injini kapena mbaula?" anatero a Yusufu. Ndinaseka nawo, koma mantha anali atandigwira, poti kunyumba ndinali nditalengeza kale kuti ntchito yapezeka.

Tinabwerera chokwawa. Kugalaja aliyense anasanduka dokotala: uyu akuti chotsani themositati, uyo akuti gasiketi yapsa. Ine ndine wamakani, ndinakana kuphwasula injini mwachimbulimbuli. Ndinatsuka rediyeta, ndinakunga lamba wa fani, ndinayang'ana pampu ya madzi, zonse zili bwinobwino. Kenaka ndinaliza injini n'kuika pepala kutsogolo kwa rediyeta. Linayenera kumamatira, koma linangogwa pansi. Fani inkangopalasa mphepo ya m'mbali, osakoka yodutsa m'rediyeta. Chipulasitiki chozungulira fani, chomwe chimalondolera mphepoyo, panalibe! Kuno amakaniko timakonda kuchitaya, ati chimangothina manja, ndipo otsitsa injini yakale anachita zomwezo.

Ndinachipeza kuseri kwa galaja, nkhuku ya mayi Chimwala ikufungatiramo mazira. Mayiwo anandilalatira, nkhuku inandijompha, koma ndinasamutsira mazira m'dengu n'kuchitenga basi, n'kukachimanga pamalo pake.

M'mawa mwake tinakwera Dambe ndi matumba a feteleza, muvi uli phee pakati. Pachitunda chomaliza ndinayamba kuimba ndekha, chimwemwe chitandisefukira. Titabwerako ndi manachesi, a Yusufu anakuwa asanatsike n'komwe: "A Chimwala, munthu uyu musamutaye!" Bwanawo anangondiponyera ovolosi ndi kiyi wa bokosi la masipanala.

Mpaka lero, injini ikatentha ndimayamba ndafufuza kumene mphepo ikudutsa, ndipo chilichonse chotsika m'galimoto ndimachibwezera pamalo pake. Amene anachiikapo sanali wopusa.