Tsiku limene ndinaopa kuzimitsa thanki ya mkaka

Ntchitoyi anandipezera ndi malume anga, omwe amapalasa kabaza pa Njuli. Tsiku lina ananyamula a Chikopa, mmisiri wokonza mathanki oziziritsa mkaka, ndipo m'njira anawauza kuti kwawo kuli mnyamata amene anamaliza Folomu Folo koma amangokhalira kumasula mawailesi akufa. Lolemba lotsatira ndinayamba.

M'kabokosi ka thanki iliyonse mumakhala bolodi, kathabwa kobiriwira kaching'ono ngati chikhatho. Ndi imene imauza makina nthawi yoyaka ndi yozima, ndipo pulogalamu ya m'kati mwake amaitcha fimuweya. Ntchito yanga inali kulumikiza bolodi ku laputopu ndi chingwe n'kuika zinthu zitatu: kuzizira kwa madigiri anayi, nthawi yoti chotakasira chizizungulira, ndi lamulo loti magetsi akathima n'kubweranso, thanki iziyaka yokha. Ukatero umaseva kuti bolodi isunge zimenezi. Pomaliza umazimitsa thanki yonse, kuwerenga mpaka sate, n'kuyatsanso kuti uone ngati bolodi yakumbukira.

"Bolodi imavomera zilizonse ngati mkamwini watsopano," ankatero a Chikopa. "Umaidziwa ukaizimitsa."

Miyezi iwiri ndinali wonyamula chikwama, kuyenda m'fumbi, kukhala pakhonde kudikira magetsi. Kenako ananditumiza ndekha ku gulu la alimi cha ku Mikolongwe kukaika bolodi yatsopano. Ndinafika mkaka wam'mawa uli kale m'thanki. Ndinaika bolodi, makina n'kulira, ndinalowetsa manambala aja, ndinaseva. Nditatambasula dzanja kuti ndizimitse, a tcheyamani a gululo, bambo a msinkhu wa agogo anga, anandigwira mkono.

"Mwanawe, yayamba kale kulira bwinobwino. Ukaizimitsa n'kukana kudzuka, mkaka wonsewu umwa ndiwe?"

Anthu anaseka. Kwathu wamkulu akati siya, umasiya. Ndinayankha kuti, "Chabwino, bambo," n'kupinda chingwe changa. A Chikopa atafunsa pa foni ngati zatheka, ndinati zatheka.

Magetsi anathima chakumadzulo, alimi atathira mkaka wachiwiri, ndipo anabweranso anthu atakhoma kale chitseko. Bolodi inali isanasunge kalikonse. Inangokhala chete kudikira munthu woti adine batani.

M'mawa mwake ine ndi a Chikopa tinalandiridwa ndi fungo tisanafike n'komwe pakhomo. Galimoto yotenga mkaka inali itaukana n'kupita. Alimi anaima ndi zigubu za mkaka watsopano, kusowa pothira. Mayi wina anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena motsitsa mawu, "Udzu wa ng'ombe ija ndimamweta ndi msana uno, achimwene." Akanandikalipira bwenzi ziliko bwino.

A Chikopa anafunsa funso limodzi lokha: "Unazimitsa?"

A tcheyamani anayang'ana pansi. Ine ndinati, "Ayi bwana, sindinazimitse."

Mkaka tinakautaya kudzenje, ndowa ndi ndowa. Thanki ndinaitsuka ndekha ndi burashi ndi madzi otentha mpaka manja anachita makwinya. Ndinkadziwa kuti ntchito yatha, ndipo ndinkangoganiza zokawauza malume. Koma masana a Chikopa anandipatsa laputopu. "Yambiranso."

Apa m'pamene ndinaona kuti chingwe chinali chokhwepa, chimadula uthenga pa nthawi yoseva. Ndinatenga china, n'kulowetsa zonse mwatsopano. Nditafika pa switchi palibe anandigwira mkono. Ndinazimitsa, m'nyumba monse munati zii, ndipo ndinamva a tcheyamani kumbuyo kwanga akuwerenga nane chapansipansi mpaka sate. Thanki inadzuka yokha.

Ntchitoyi ndikugwirabe, ndipo manyazi sanandithere. Pafupifupi gulu lililonse limakhala ndi wamkulu wondiletsa kuzimitsa. Ndimavula chipewa, kuwomba m'manja, n'kunena kuti, "Pepani bambo, ndizimitsa pang'ono." Kenako ndimazimitsa.