Mapiritsi a amayi anu

Mwaswera nonse.

Mukudziwa kuti chipitire mng'ono wanu Tiwonge ku Joni, pakamwa pa amayi anu sipapuma kutafuna. Lero m'mawa abwera kuchokera kumsika wa pa Boma ndi mapiritsi, akuti ochepetsa chilakolako cha chakudya.

Amwa limodzi, n'kutsitsira mandasi. Nditafunsa, akuti, "A Jere, mankhwala samwa m'mimba mulibe kanthu."

Masana Tiwonge waimba foni ya vidiyo. Acheza, aseka chomene, mpaka nkhuku zawajomphera chinangwa m'mbale iwo osaona n'komwe.

Ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale, koma apa ndaona ndekha. Amayi anu alibe njala, akupukwa ana awo. Mapiritsiwa ndikuti nditaye, mukuti bwanji? Nanga mawa aimbe ndani? Yankhani, musangowerenga.