Nkhope ya pa Chitenje cha Tiyanjane

"Iwe Bester, anthu akamaimba pamaliro, maso ako amakhala pa ndani, woyambitsa nyimbo kapena ovomera?" Anandifunsa choncho msuweni wanga Tiyanjane, ine nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndikungozungulira pa Mitundu ngati nkhuku yofuna poikira. Ndinati woyambitsa, nanga si ndiye amamveka. Iye anangoseka.

Tiyanjane ndi mwana wa amalume anga a Efulemu, mlimi wa fodya kuseri kwa msika wa Mitundu. Anakula akusoka fodya m'chigafa, pakamwa pali mafunso okhaokha. Atasankhidwa kupita ku yunivesite, amalume anapha mbuzi poganiza kuti akabwerako ali mlangizi wa zaulimi. Patapita nthawi ndi pamene anamva kuti mwana akuphunzira za mmene anthu wamba amagwirizanirana n'kupanga gulu lomenyera kuti zinthu zisinthe: limayamba bwanji, limakula bwanji, chimalipha n'chiyani.

"Ndiye kuti sukulu ya zionetsero?" anafunsa amalume. "Kuwotcha matayala nakonso kuli ndi digiri?"

"Ayi bambo, timangophunzira."

"Wophunzira ufiti nayenso amati akungophunzira."

Kuyambira pamenepo foni ya Tiyanjane ikalira, iwo ankatchera khutu.

Chaka chomaliza, aphunzitsi ake anafuna kafukufuku wa gulu lenileni, lamoyo, osati la m'mabuku. Iye anasankha amayi a madimba a ku Nathenje, amene anagwirizana kuletsa malole okumba mchenga mumtsinje chifukwa madzi othirira tomato anayamba kuthawa. Analibe bungwe, analibe ofesi. Lole ikabwera ankangokhala pansi pa njira yolowera kumtsinje, makasu ali pamiyendo. Nthawi yosankha gulu lina inali itatha, choncho amayiwo akanakana kuyankhula naye, digiri panalibe.

Tsiku lopita anavala thalauza la jinzi monga mwa masiku onse. Mayi ake anamuimitsa pakhomo.

"Ukaonekere choncho pamaso pa akuluakulu? Manga chitenje pamwamba."

Zitenje zabwino zinali zonyowa pachingwe, ndiye anamupatsa cha kumunda, chimene analandira chaulere pamsonkhano wa chipani nthawi ya kampeni. "Ungochitembenuza, za mkati zikhale kunja. Aliyense amatero."

Tiyanjane anakawapeza amayi a madimba aja patsinde pa mango, pafupi ndi madimba. Anagwada, napereka moni, nafotokoza za sukulu yake. Iwo ankangoyang'anana. Mayi Bushira, amene amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu waukulu ndipo anthu amati ndiwo mtsogoleri, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwati mwachokera ku sukulu, achemwali?"

"Eya mayi."

"Taimirirani, mutembenuke."

Anatembenuka. Padzuwa, nkhope ya wandale inkaonekera bwinobwino m'nsalumo, ikumwetulira kumbuyo kwake.

"Abwana anuwo mwawabisa kumeneko?" anatero mayi wina. "Auzeni atipatse moni, asachite manyazi!"

Anaseka, koma kunali kuseka kouma. Chimene Tiyanjane sankadziwa n'chakuti chaka chatha anthu a chipani anabwera ndi zitenje zoterezi, anawajambula amayiwo, n'kukalengeza kuti gululo ndi lawo. Amayi a zipani zina anakwiya n'kuchoka, malole n'kuyambiranso kulowa. Atagwirizananso movutikira, anapangana kuti nsalu ya chipani chilichonse isadzafike kumtsinje, ngakhale yoberekera mwana.

"Ndi cha mayi anga, cha kumunda," anatero Tiyanjane.

"Aja anabwerawo poyamba ankati ndi a mpingo," anayankha mayi Bushira. "Wakutumani ndani?"

Tiyanjane anaona kuti pakamwa sipamupulumutsa. Anamasula chitenje, n'kutsala ndi thalauza pamaso pa amayi aakuluakulu. Anachipotokola n'kupanga nkhata, naiika pamutu, n'kusenza dengu la tomato limene linali pafupi.

"Lipite kuti, mayi?"

Mayi Bushira analoza njira. "Kumsewu. Koma foni musiye pano. Thalauza sitiliopa ife, silijambula."

Anasenza madengu masiku angapo, wandale uja ali pansi pa tomato. Komabe amayiwo sanamukhulupirire msanga. Akayandikira, nkhani zinkasanduka za mbozi ndi feteleza. Madzulo mayi wina ankamuperekeza mpaka pokwerera minibasi, osati mwa chikondi ayi, koma kuti aone ngati pali galimoto ya magalasi akuda yomudikira.

Tsiku lina mayi Bushira anamuitana. "Funsani zanuzo. Koma dzina la munthu lisamveke kusukulu kwanuko. Ndipo musakanene kuti ine ndine mtsogoleri. Lole ikabwera ine ndimangokuwa. Okhala panjira ndi awa."

Tiyanjane anamaliza sukulu. Amalume anavina pa tsiku la digiri, koma mpaka lero akamva pa wailesi kuti ku tawuni kuli zionetsero, amayamba aona kaye ngati nsapato za Tiyanjane zili pakhomo. Mayi Bushira nawo akakumana naye pa Nathenje samulekerera: "Abwana aja ali bwanji?" Amaseka, koma diso limatsikira ku chitenje.

Ine nthawi imene anandifunsa za nyimbo za pamaliro ija ndinkafuna kuyambitsa gulu la achinyamata pa Mitundu. Dzina ndinali nditapeza kale, wapampando ndine, anthu okha ndiwo panalibe. Tiyanjane atandisimbira zonsezi, ndinaganiza kuti dzinalo liyambe ladikira. Loweruka likubwerali ndipalasa njinga kupita ku Nathenje, foni ndisiya kunyumba, ndikapemphe dengu kwa mayi Bushira. Akandikayikira, andikayikire, ndikasenzabe.