Ndinanamizira Kuiwala Kuti Asandikhazike pa Benchi

Inu owerenga, ine ndine bambo wa mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Tadala. Manja ndi miyendo ndili nazo zonse, moti mutandiona ndikukwera masitepe a pa fulati yathu ku Springburn, kuno ku Glasgow, munganene kuti munthu uyu sanadwalepo ngakhale chimfine. Koma saloledwa munthu ameneyu kupita yekha ku paki ndi mwana wake. Anandiletsa ndi mkazi wanga Thoko pamodzi ndi amayi anga, ndipo sanalakwe. Zimenezi ndinaziputa ndekha tsiku limene ndinanamiza dokotala ndikudziona wochenjera.

Ndinabwera kuno kuchokera ku Zomba ndili mnyamata, amayi atapeza ntchito m'nyumba ina yosamalira okalamba amene ali ndi matenda a kuiwala. Mpira wamiyendo unandikana, phazi langa ndi mpira zinali paudani. Koma liwiro ndinali nalo, thupi nalonso linalipo. Mnzanga wina wa kusukulu anandikokera ku timu ya mpira wa ku America, uja wooneka ngati papaya, umene amasewera atavala zisoti ndi zotchinga m'mapewa. Malo amene anandipatsa eni ake amawatcha running back. Ntchito yake ndi yosavuta kufotokoza. Amakupatsira mpira m'manja, umaupanira m'khwapa, n'kulowa nawo pakati pa zimphona zimene zikudikira kukugwetsa. Pakakhala mpata umadutsa. Pakasowa mpata umaweramitsa mutu n'kudzipangira wekha. Amayi anabwera kamodzi kudzaonera pa bwalo lina lamatope, mvula ikuwaza monga mwa masiku onse kuno. Anangoti awa ndi masewera a atonde, ndipo sanabwerenso.

Nditasewera zaka zingapo mongosangalala, timu ina ya ku Germany inanditenga kuti mpirawu ukhale ntchito yanga. Kutchalitchi kwathu ku Gorbals anandipempherera, ndipo akuluakulu amene kale ankandifunsa kuti ntchito yeniyeni ndidzapeza liti anayamba kundipatsa moni ndi manja awiri. Ndinali nditangokwatira kumene. Ndisaname, ndinakondwa, ndipo mpira ndinkautha. Anthu ankaimba dzina langa m'bwalo ngakhale ankalitchula molakwika.

Tsopano mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yanga. Chaka chilichonse masewera asanayambe, dokotala wa timu amayeza mutu wa wosewera aliyense ukadali bwinobwino. Amakutchulira mawu angapo kuti uwabwereze pakapita kanthawi, amakuuza kutchula miyezi kuyambira Disembala chobwerera m'mbuyo, amakuimika ndi mwendo umodzi utatsinzina. Zotsatira zake amasunga. Tsiku limene wagundidwa m'mutu amakuyezanso, ndipo akaona kuti watsika poyerekeza ndi poyamba paja, amakukhazika pa benchi mpaka ubongo utachira. Anakonza zimenezi kuti atiteteze ife tomwe.

Koma munthu wosewera malo anga amaopa benchi kuposa chipatala. Ntchito yathu sikhalitsa, ndipo kumbuyo kwako kumakhala nthawi zonse wina wa miyendo yatsopano akudikira kuti utsimphine. Tili pamzere wolowera kwa dokotala, mkulu wina amene anali atasewera zaka zambiri anandinong'oneza kuti ndisaonetse nzeru zanga zonse. Anati ndiiwale dala mawu ena, ndidzandire pang'ono, kuti tsiku lodzagundidwa zotsatira zidzafanane ndi zakalezo. Ndinaona ngati ndatola chikwama. Ine amene ndinkaloweza salimo lathunthu ku Sande sukulu, ndinakanda m'mutu pamaso pa dokotala ngati mawu andithawa. Pa miyezi ndinadumpha Okutobala. Ndinatuluka m'chipindamo ndikuseka, ndipo chaka chotsatira ndinachitanso chimodzimodzi.

Zinandionekera m'chaka chachitatu, Tadala ali khanda. Ndinaweramitsa mutu kuti ndipyole, wina anatulukira cham'mbali, zisoti zinawombana. Sindinakomoke. Ndinangoona bwalo lonse lasanduka lachikasu, phokoso la anthu likumveka ngati ndili pansi pa madzi. Ananditengera m'kachipinda n'kundiyeza. Ulendo uno sindinanamizire, ndinayesetsa ndithu, koma mawu ena anandithawadi. Dokotala anayang'ana zakale zija, anaona kuti n'zofanana, nandiuza kuti mutu wanga ndi mmene umakhalira. Munthuyo sanalakwe kalikonse. Anandiyeza ndi muyeso umene ndinamupatsa ndekha.

Mlungu wonsewo mutu unkangogunda, m'mawa ndinkasanza, kuwala kwa foni kunkandilasa m'maso. Amayi atandiimbira ndinayankha mmene tinaleredwera, kuti ndili bwino, kaya iwo. Loweruka ndinalowanso m'bwalo. Za masewera amenewo ndimangomva kwa anthu. Akuti ndinagundidwanso, ndinadzuka, n'kupita kukaima pakati pa timu imene tinkalimbana nayo. Ntchito yanga inathera pomwepo.

Nditabwerera ku Glasgow, dokotala wa pa chipatala china chachikulu anapempha zotsatira zakale zija kuti aone pamene ndachokera. Ndinamuuza zoona. Iye anati ndiye kuti palibe amene angadziwe kuti ndataya zochuluka bwanji. Zina zinachira, kusanza kunaleka, maso anazolowera kuwala. Kuiwala kokha ndi kumene kunakhazikika. Popeza Thoko ndi namwino ndipo amasinthana mashifiti, mwana ndinkakhala naye ndine, ndipo zimenezi ndi zimene zinkandipatsa ulemu pakhomo.

Tsiku lina masana ndinapita naye ku paki, ali ndi zaka zitatu. Ndinamukweza pa katungwe, ndinamukankha, akuseka. Kenaka ndinakumbukira kuti kunyumba kulibe mkaka. Ndinapita kusitolo, ndinagula mkaka, ndinakwera masitepe, ndinatereka ketulo. Mtima wanga unali m'malo, panalibe chondivuta. Ndinkathira shuga pamene kunamveka kugogoda. Anali mayi wina wachisikoti wa pa fulati yapansi, atamugwira Tadala dzanja, nkhope yonse ya mwanayo ili misozi ndi mamina. Anali atamupeza pa geti la paki, pafupi ndi msewu wa mabasi, akundiitana.

Thoko atabwera sanakuwe. Anangoti kuyambira tsiku limenelo sindidzatulukanso ndi mwana ndekha. Ndinakwiya kwambiri, ndinati mwanayo ndi wanga, munthu aliyense amaiwala. Kutacha amayi anafika akuchokera kuntchito, yunifolomu ikadali m'thupi. Anakhala patebulo la kukhitchini n'kundipatsa kapu ya tiyi.

"Bambo a Tadala, khalani pansi," anatero amayi. "Ndikutchulirani mawu asanu. Mukawakumbuka tikamaliza tiyi uyu, mawa mupita naye nokha, ndipo Thoko ndikamba naye ndine."

Anatchula pang'onopang'ono, akundiyang'ana m'maso: njinga, chinangwa, belu, Domasi, tsache. Ndinawabwereza onse. Mumtima ndinaseka, chifukwa mayeso amenewa ndinkawadziwa kuposa iwo. Tinamwa tiyi, anandifunsa za mlaliki wa Lamlungu lapitalo ndi za mpopi wa m'bafa umene unkadontha. Atayika kapu pansi anati ndiwatchule. Inu owerenga, sindinayesetsepo chinthu m'moyo mwanga ngati tsiku limenelo, ngakhale m'bwalo. Thukuta linatuluka. Ndinapeza njinga, ndinapeza Domasi. Enawo Thoko ndiye anadzandiuza pambuyo pake.

"Mwayesetsa, bambo, mwachita bwino kwambiri," anatero amayi akundisisita dzanja.

Mawu amenewo ndinkawadziwa. Ndinawamvapo kangapo ndikapita kukawatenga kuntchito kwawo, akuwauza mwachingerezi agogo aja amene sadziwa ngakhale mayina a ana awo. Ndinalira patebulo pomwepo, ndipo sindinatsutsenso.

Inu amene mumasewera mpira wogundana wamtundu uliwonse, ndi inu makolo amene ana anu ayamba zimenezi kuno kunja, mverani ine. Dokotala akamakuyezani mutu, musamuchenjerere, chifukwa amene mukumubera ndi inu nomwe. Mukagundidwa musayankhe kuti muli bwino chifukwa cha ulemu kapena mantha. Khalani pa benchi, malo anu atenge wina ngati n'kutenga. Bondo likathyoka amalilumikiza ndi chitsulo, koma za m'mutu sindinaonepo kumene amagulitsa zina. Paja amati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma ine ndinamva za mnzanga, ndipo nkhwangwa inandipezabe. Muzisankha anthu owamvera.

Masiku ano ku paki timapita atatu. Ine ndimakankha katungwe, Tadala amakuwa kuti ndimukweze pamwamba. Amayi amakhala pa benchi atafunda jekete, ndipo amene amamuyang'anira si mwanayo ayi.