Foni imene ndinagulira adadi

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinagenda bwana wa pagalaja ndi sipanala. Inawaphonya, n'kuswa galasi la minibasi ya eni. Sukulu ndinali nditasiyira Fomu 2, nkhani yake yomweyi ya mtima wapachala. Azakhali anga, namwino ku Leicester ku Ingalande, atandipezera ntchito yosamalira okalamba, sindinafunse kawiri.

Adadi amayendetsa galimoto ya chipatala cha mishoni, kukatenga odwala kumapiri a kumalire, kumene netiweki imathera pa mlatho wachiwiri. Ndili kwathu sindinkaziganizira n'komwe. Mantha anakandipezera ku Spinney Hill, dera la ku Leicester, m'kachipinda ka pamwamba pa butchala. Ndikatumiza uthenga m'mawa, sunkafika mpaka madzulo. Ndikuwamwetsa tiyi agogo achizungu kuntchito ku Oadby, dzanja lina lili m'thumba pa foni. Mvula ikayamba kwathu, ndinkangoona galimoto ija ikukokoloka.

Ndiye ndinati ndiwagulire foni ya satelayiti, yogwira paliponse pamene pali thambo. Amdala Tembo, a ku Zambia, amene timagwira shifiti imodzi, anayendetsapo malole zaka zambiri. Anandiseka.

"Mufana, mu motoka mwa atate ako mulibe ovaova?"

"Ilimo. Chiwailesi chamakedzana, chongoti shwee."

"Ndiye cabe ufuna ciani? Kuthengo foni imaitana munthu mmodzi. Ovaova amamva onse."

"Inu zanu zinatha ndi malole anu omwewo!" Ndinakalipa mpaka manijala anasuzumira. Sabata yathunthu sitinapatsane moni. Ndinagwira mashifiti owonjezera miyezi itatu, n'kugula, n'kupatsira azakhali popita kumudzi.

Tsiku lina m'mawa adadi anandiimbira pa foni ija ndili m'basi yopita kuntchito.

"Mwanawe, tatitimira pamtsinje. Madzi akukwera. Kumbuyoku ndili ndi mayi wodwala."

Kenako inaduka. Ndinaimirira m'basimo ndikukuwa, "Adadi! Adadi!" anthu akundiyang'ana ngati wamisala. Ndinaimbanso, osalowa. Nambala ya kumishoni ndinalibe. Ya amayi inali yozima. Ndikanatani ine ndili pa London Road? Tsiku limenelo ndinaswa makapu awiri, ndinatukwana mnzanga wosalakwa. Madzulo ndiye kubwera uthenga: "Tafika bwino." Basi, mawu awiri.

Nditapita kwathu pa tchuthi mvula itatha, ndinakakamira kuti ndikwere nawo. Ndinkafuna ndiuone msewuwo ndi maso anga. Titangodutsa mlatho wachiwiri, foni yanga n'kufa, chiwailesi chija chinayamba kulongolola. Sisitere wa kumishoni, dalaivala wa kuesiteti ya fodya, mlonda wa nkhalango, aliyense kunena pamene ali ndi mmene msewu ulili. Adadi anatola cholankhulira.

"Tadutsa mlatho. Ndili ndi wa ku Ingalande uja. Ova."

Anthu anayi osawadziwa anandilonjera ndi dzina langa. Wina anafunsa ngati ndasiya kugenda mabwana.

Pamtsinje paja adadi anaimitsa galimoto kuti andionetse. "Tinali apa. Ndinangonena kamodzi pa ovaova. A Nyirenda a kuesiteti anamva, anabwera ndi thirakitala madzi atafika pachitseko."

Mutu unandiwira. "Ndiye ine munandiimbiranji? Mukudziwa kuti ndinatsala pang'ono kufera m'basi? Ndikanakukokani ndi chiyani ndili ku Leicester?"

Anayamba apukuta chiwongolero ndi kansanza, osandiyang'ana.

"Thirakitala ndinali nditaitana kale, iwe. Koma sindinkadziwa kuti ayambe kufika ndani, iyo kapena madzi. Ndinati ndimveko mawu ako."

Ndinayang'ana mtsinjewo, mchenga wokhawokha, mbuzi zikudutsa. Owapulumutsa adadi anali nawo kale, mbali zonse za phirilo. Ine, ndi mashifiti anga onse aja, ndinawagulira chotsanzikira.