Dyeratu ndi oyilo wakuda wa atate

Ndikukumbukira fungo la oyilo wakuda pakhonde pathu ku Garneton, kunja kwa tauni ya Kitwe, chaka chimene galu wathu Dyeratu anagwidwa mphere. Tinkakhala papuloti ya a Mulenga, bambo wokhala m'tauni ku Parklands, ndipo atate ndiwo ankawasamalira nkhuku ndi dimba. Galuyo dzina anamupatsa ndi amama, poti ankameza chilichonse asananunkhize, kaya mitu ya kapenta, kaya mafupa a nkhuku, ngakhale makoko a mango.

Matenda anayambira kumakutu. Ubweya unathothoka, khungu n'kukhala lotuwa ngati pansi pa mbaula, ndipo ankadzikanda mpaka magazi. A Mulenga atabwera kudzatenga mazira, anamuyang'ana n'kugwira mphuno. Anauza atate m'Chibemba kuti akadzabweranso asadzamupeze galuyo, angapatsire matenda ana awo. Ine ndinamva zonse ndili kuseri kwa khola. Ndinalira mpaka kukamwa kuuma, chifukwa Dyeratu ndiye ankandiperekeza kumsewu popita kusukulu, n'kudzandichingamiranso pobwera.

Masiku amenewo ku Kitwe aliyense ankadziwa mankhwala a mphere ya galu. Unali oyilo wotha ntchito wa m'galimoto. Atate anakapempha kwa mnzawo wa kugalaja, nabwera nawo m'chigubu. Anamupaka Dyeratu kuyambira kukhosi mpaka kumchira, akuimba nyimbo ya kutchalitchi, mtima uli m'malo. Galu wathu wofiirira uja anasanduka bii, maso okha ndiwo ankaoneka. Tinaseka tonse, ngakhale amama.

Koma nanga Dyeratu n'kusiya chinthu osalawa? Tsiku lonse anakhalira kudzinyambita. Kutacha anayamba kusanza zakuda, kenako kutsegula m'mimba. Anakagona pansi pa mtengo wa mapeyala, nthiti zikuwerengeka, ndipo nditamuikira mitu ya kapenta anatembenuzira nkhope kumbali. Apo m'pamene ndinadziwa kuti zinthu zavuta.

"A Phiri, galu mwamuchiritsa mphere pomuphera m'mimba," anatero amama kwa atate.

"Iwe, aliyense amapaka oyilo."

"Ndiye kapakeni aliyenseyo. Uyu ndi wa mwana wanga."

Amama anatenthetsa madzi, ine ndinagwira mutu, tinamusambitsa ndi sopo wochapira mobwerezabwereza mpaka thovu linasiya kuda. Anasinja makala n'kusungunula m'madzi, tikumumwetsa ndi supuni pambali pa kamwa. Zamchere ndi mafupa anaziletseratu. Ankamuphikira phala lamadzimadzi ndi dzungu lophwanya, nthawi zina n'kuswerapo dzira losweka kale limene sakanaligulitsa. Ine ndinkapemphera ndili chogwada pafupi naye. Ndinafunsa amama ngati Mulungu amamva mapemphero a agalu, iwo anati, "Ngati amawerenga mpheta, galu wamkulu chonchi angamuphonye?"

Atate sanali munthu wopepesa. Koma mmawa wina ndinawapeza atanyonyomala pansi pa mtengo uja, phala lili pachikhatho, akunong'oneza kuti, "Idya, mnzanga, usandichititse manyazi." Dyeratu ananyambita pang'ono. Tsiku lomwelo anamukulunga m'saka, namuika m'dengu la mazira panjinga, ulendo wa kwa dokotala wa ziweto m'tauni. Anabwerako thukuta lili kamukamu, atanyamula botolo la mankhwala osambitsa. Zimene dokotala anawauza za oyilo sanatifotokozere, ndipo ife sitinafunse.

A Mulenga atabweranso, Dyeratu anali ataimirira, wowonda, kamsana kakumera tiubweya tatsopano. Atate anavula chipewa n'kunena mwaulemu wa Chibemba kuti, "Mukwai, galuyu ali pamankhwala. Mukamuchotsa, mufunenso wina wokuweterani nkhuku." Sindinawamvepo akuyankha abwana choncho. A Mulenga anayang'ana galu, anayang'ana atate, anatenga mazira awo n'kumapita. Dyeratu anakhala nafe mpaka kukalamba, ndipo atafa tinamuika m'munda momwemo.

Lero mwana wanga wa ku Nkana East ali ndi galu amene amadya chakudya cha m'thumba, amabayidwa jakisoni, ali ndi sopo wakewake. Ndimathokoza Mulungu kuti ana athu akudziwa zimene ife sitinkadziwa. Atate ndi amama anatsogola kale, ndipo ndimawasowa kwambiri ndikamva galu akuuwa kutali.

Mwezi watha ndinadutsa ku Garneton popita kumaliro. Puloti ija anaigawagawa, pali nyumba zamipanda yaitali, mitengo yonse anadula. Ndinaima pageti lina, ndikuyesa kulingalira pamene panali munda wathu. Mayi wina anasuzumira n'kundifunsa mwaulemu kuti ndikufuna ndani. Ndinalibe dzina loti ndimuuze. Ndinangomupatsa moni, n'kupitiriza ulendo.