Lenzi Yoti Ikwanitse Bedi la Mayi Geum-rye

Pa zaka zonse zimene ndagulitsa makamera mumsewu wa Chungmuro, sindinaonepo munthu wosakhazikika ngati Bambo Pyeon Dal-su. Mpando ndinkawapatsa, koma iwo ayi. Ankangozungulira m'kasitolo kanga, manja kumbuyo, akugunda mashelefu ndi chigongono, mpaka ine mutu kuyamba kuwawa.

Kwa zaka makumi anayi ntchito yawo inali imodzi, kujambula ana pa phwando la chaka choyamba. Makolo amayala patebulo ulusi, pensulo, mpunga ndi tinthu tina, mwana n'kutola chimodzi chosonyeza tsogolo lake. Kutolako kumachitika kamodzi basi, ukaphethira wataya. Bambo Pyeon sanaphonyepo, ndipo lamulo lawo ankauza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe: mwana pakati, ena onse adzionera okha. Atapuma pantchito anagulitsa malenzi onse n'kutsala ndi kamera yokha.

Kumayambiriro kwa Disembala anatulukira, chipewa chili m'manja.

"Mlongo, ndikufuna lenzi yoona chipinda chonse, yosaopa mdima."

"Fulashi yanu ija inapita kuti, achimwene?"

"Fulashi ayi. Imawalasa m'maso mayi akunyumba."

Apa m'pamene ndinamva nkhani yonse. Mdzukulu wawo, Ha-on, ankakwanitsa chaka pakatha masabata atatu. Akazi awo, Mayi Geum-rye, anali atagona miyezi isanu ndi itatu osadzuka, ndipo madokotala anali atasiya kutchula za mankhwala atsopano. Banja linagwirizana kuti phwando lichitikire m'chipinda cha odwalawo, kachipinda ka zenera limodzi loyang'ana khoma la nyumba ina. Bedi pakona, tebulo la mwana pakati. Bambo Pyeon ankafuna chithunzi chimodzi chokha, mwana akutola, agogo ake akuonerera. Tonse awiri tinkadziwa kuti mwayi wina wotere sudzapezekanso, koma palibe anazitchula.

Ndinawapatsa lenzi ya nambala 35 kuti akayese. M'mawa mwake anali pakhomo ndisanatsegule n'komwe.

"Yokongola, koma yaumbombo. Ndamatirira kukhoma mpaka msana kuzizira, bedi likungooneka mwendo umodzi."

Ndinawapatsa ya nambala 20, yoona motambalala kwambiri. Anabwera nayonso, nkhope atakwinya.

"Iyi yameza chipinda chonse, ndi masilipasi omwe a pansi pa bedi. Koma taonani zimene yawachita akazi anga!"

Malenzi otambalala chonchi amanena zoona pakati pokha. Chimene chili m'mphepete amachikoka ngati mphira. Nkhope ya Mayi Geum-rye inali itatalika ngati ya hatchi. Ndinaseka, Mulungu andikhululukire.

"Sekani, sekani," anatero. "Iwo ati ndikawajambulanso chonchi adzuka n'kundimeta mpala."

Akanathadi. Mayiwo ntchito yawo inali yokonza tsitsi, ndipo ngakhale ali chigonere sankalola mlendo kulowa asanapese.

Kenako anayesa ya 24. Iyi inakwanitsa bedi, nkhopenso sinakokeke kwenikweni. Ndinati basi, tapuma. Kupuma kwake kuti! Masana omwewo anabwerera.

"Ndikaitsegula diso lonse kuti imwe kuwala, ikusankha munthu mmodzi. Ndikalunjika chidole chimene ndaika pamalo pa mwana, akazi anga akusanduka nkhungu. Ndikaitsinzinitsa pang'ono kuti onse aoneke, mdima bii."

"Sunthani bedi."

"Msana wawo sulola."

"Gulani nyale yowala."

"Za maso zija ndimauza khoma eti?"

"Ndiye jambulani zithunzi ziwiri, achimwene, mundisiye ndigulitse malonda!"

"Ziwiri? Mwana uku, agogo uko? Anayambana?"

Masabata awiri athunthu zinali zomwezo. Lero atenga ya 20, mawa abweza, atenga ya 35, mkuja akufunanso ya 24. Anayeza chipinda ndi chingwe, anajambula pakapepala pamene pali bedi, zenera ndi chitseko, n'kumandiyalira patebulo makasitomala ena ataima. Anafika poganiza zogwejula chitseko kuti aziimira pakhonde. Ananditopetsa, ndisaname. Tsiku lina nditawaona pagalasi ndinabisala kuseri kwa makatoni, mayi wamkulu ngati ine. Koma ankandimvetsanso chisoni. Munthu amene anajambula ana a eni zikwizikwi osaphonya, tsopano chivundikiro cha lenzi chinkamugwa m'manja katatu pa tsiku. Lachisanu ndinawaikira ndekha ya 24 m'chikwama n'kuwakankhira panja.

"Musabwerenso phwando lisanathe. Mukabwera ndikuthirani madzi."

Lolemba anabwera ndi makeke a mpunga a paphwando, monga timagawirana, ndi envulopu yaikulu. Anakoka mpando uja n'kukhalapo. Ndinachita mantha.

"Kwagwanji? Mayi ali bwanji?"

"Alipo. Koma asewere anga sakundilankhula. Ati ndanyoza mdzukulu wawo."

Ndinatulutsa chithunzicho. Ha-on anali kumphepete kwenikweni, kamutu katakokekera kumbali, dzanja lake lili mbuu, chimene watola osadziwika. Pakati penipeni panali Mayi Geum-rye, tsitsi lopesa bwino, atadzutsa mutu pa pilo, akuseka pakamwa ponse. Inali nkhope yawo yeniyeni, yosakokeka ngakhale pang'ono, khwinya lililonse pamalo pake.

"Achimwene! Zaka makumi anayi mukutiboola makutu ndi mwana pakati. Mwatani apa?"

"Mwana adzajambulidwa mawa ndi mkuja."

Ndinayang'ananso kadzanja kaja, ndinabweretsa chithunzicho pafupi ndi nyale, koma sindinatulukire kanthu.

"Nanga anatola chiyani?"

Bambo Pyeon anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya malaya nthawi yaitali, n'kuwavalanso.

"Mwana wanga akuti ulusi. Asewere akuti pensulo. Ine sindinaone, mlongo. Ndinkayang'ana akazi anga."